Za Makanda Otsala Opanda Amai: Mau Onenedwa pa Tsiku la Jubili

Pa tsiku la Jubili anthu amawerenga zinthu zooneka ndi maso, ndizo nyumba ya Mulungu, masukulu ndi cipatala. Koma ife aphunzitsi a kumidzi tapatsidwa kanthawi kuti tinenere iwo amene sangathe kuimirira pano ndi kudzinenera okha, ndiwo makanda amene amai ao amwalira, kapena adwala kolimba, kapena asokonezeka mutu.

Mudziwa inu nonse kuti khanda silidya nsima. Kufikira miyezi 6 cakudya cace ndi bere lokha. Mukafulumira kulipatsa phala, m'mimba mumatseguka, liwombo limalowa, ndipo asanapite masabata ambiri mukumbanso manda pambali pa aja a mai wace. Makolo athu anadziwa ici. Cifukwa cace mai akafa pobala, mwini mbumba ankaitana mkulu wace wa malemuyo kapena mng'ono wace wokhala ndi mwana kubere, natenga iye khandalo, naliyamwitsa pamodzi ndi wace.

Mwambo umenewu unagwedezeka pakufika Edzi. Wodwala woyamba anapezeka m'dziko muno mu 1985, ndipo m'zaka zotsatira amai oyamwitsa anafa motsatana. Otsalawo anaopa kuyamwitsa mwana wa mnzao, pakuti kacirombo kamapitanso ndi mkaka wa m'mawere. Mkaka wa m'citini ulipo, koma mtengo wace uposa nkhokwe ya agogo, ndiponso ufuna madzi owiritsa ndi kapu yotsuka bwino, usana ndi usiku. Nkhalamba imene ilima, itunga madzi, nitola nkhuni siingathe zonsezi.

Pamenepo zinayamba kucuruka nyumba za makanda. Ku Blantyre inatsegulidwa ya Open Arms mu 1995, ndipo pambuyo pace zinanso ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Mangochi. Pangano lace linali lakuti khanda likhale komweko kufikira litayamba kuyenda ndi kudya zakudya za onse, monga zaka ziwiri, ndipo libwerere kwa abale ace. Ana ambiri ali moyo lero cifukwa ca manja a amai ogwira nchito m'menemo. Boma litayamba kugawa mankhwala a Edzi kwaulere mu 2004, maliro a amai anacepa ndithu. Koma kutaya mwazi pobala sikunathe, kotero nyumbazi zifunikabe.

Tsono mlandu wathu uli apa. Ambiri a ife tikapereka khanda timayesa kuti tatula katundu. Mwezi upita, caka cipita, palibe mtsibweni kapena agogo wopita kukaliona. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe timaunena bwino pa siwa, koma ndarama ya ulendo wa ku tauni ikafunika, pakamwa pamauma. Ndipo nyumba ya makanda, ingakhale yoyera motani, siili mudzi ai. Mai wa nchito akaweruka abwera wina, mawa winanso; mwanayo alibe msana umodzi umene audziwa kuti ndi wace. Tsiku lobwerera afika kwao ngati mlendo: aona agogo ace enieni nathawa, alira usiku wonse, akana cakudya, nayamba kuonda. Ena satengedwa konse, nakulira komweko osadziwa pfuko lao kapena munda wa mai wao. Si ife tokha tiona ici. Maiko a United Nations anagwirizana mu 2009 kuti mwana wosafika zaka zitatu aleredwe m'banja, ndipo akakhala m'nyumba yotere cikhale cifukwa ca tsoka, ndi kwa kanthawi koikika.

Inu akatekisiti, ndinu oyamba kufika pa maliro. Anthu asanabalalike funsani kuti khanda lili m'manja mwa yani, ndipo lagona ndi ciani m'mimba. Kukaoneka kuti m'mudzi mulibe pogwira, njira yace ndi ya ku cipatala ndi ku ofesi ya Social Welfare ku boma, pakuti kuyambira 2010 liripo lamulo losamala ndi kuteteza ana. Musapereke mwana kwa munthu ali yense wobwera ndi galimoto ndi mau okoma. Lembani m'buku lanu dzina la mbale amene wabvomera kudzamlandira, ndipo mpingo usonkhe ndarama kuti iye azipita kukamuona mwezi ndi mwezi, kumnyamula kumbuyo ndi kumlankhula cinenero ca kwao.

Akabwera mwanayo, miyezi yoyamba ndiyo yoopsa. Amai a mumpingo asinthane kufika pakhomopo ndi nsinjiro, dzira kapena ufa wa soya wothira m'phala, ndipo tsiku la sikelo mmodzi wa iwo aperekeze agogowo, atanyamula khadi la mwanayo.