Kodi pa fomu ya holo pali dzina la ndani?

Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa achinyamata ku Manchester

Ndikudziwa kuti mutamva zoti lero tikamba za inshuwalansi, ena munayamba kale kuyasamula. Ndipirireni pang'ono, chifukwa nkhaniyi ikukhudza inuyo kuposa makolo anu.

Ndi angati muno amene munalembapo fomu yobwereka holo m'malo mwa gulu la amayi anu kapena la kumpingo? Kwezani manja. Mwaonatu. Inu munabadwira kuno, Chingerezi ndi chanu, ndipo za pa intaneti sizikuvutani. Ndiye akuluakulu amangoti, "Iwe, tatilembera apa." Mumalemba, n'kusaina dzina lanu pansi.

Zaka zingapo zapitazo gulu lathu linachita phwando la ufulu la pa 6 July mu holo ina ku Gorton. Kunali nsima, mandasi ndi nyimbo zakwathu. Mayi wina amene anabwera ndi mnzake anakodwa m'chingwe cha sipika, anagwa n'kuthyoka dzanja. Tinathamangira naye kuchipatala, tinamupepesa, ife n'kumati zatha. Koma mayiyo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo anakhala miyezi itatu osagwira ntchito, lendi ikumudikira. Kenako kunabwera kalata ya loya yofuna chipukuta misozi. Inalembedwa kwa wapampando ndi kwa mlembi wathu, mtsikana wa zaka 23 amene anasaina fomu ija. Titapita kwa eni holo, anatiuza kuti inshuwalansi yawo imateteza iwowo, osati obwereka, ndipo anatisonyeza pamene tinasaina kuvomereza zimenezo. Tinasonkha ndalama m'matumba mwathu mpaka nkhani inatha, koma mtsikanayo anatula pansi udindo, ndipo mpaka lero safika pa zochitika zathu.

Mayi uja sanalakwe. Olakwa tinali ife amene tinaika mwana patsogolo popanda chomuteteza.

Gwero la vutoli ndi ili. Magulu athu ambiri anangoyamba ngati gulu la pa WhatsApp, n'kusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma. Malamulo a ku England amatcha gulu lotere unincorporated association. Pamaso pa khoti gulu lotere si munthu, moti silingasumiridwe palokha. Amene amayankha mlandu ndi anthu a mu komiti, ndipo ngati thumba la gulu laperewera, ndalama zimachokera m'matumba mwawo.

Inshuwalansi si chinthu chachilendo kwa ife. Makolo anu amasonkha pakagwa maliro kuti thupi likafike kumudzi, ndipo ambiri ali m'chipereganyu. Nzeru yake ndi yomweyo: aliyense amaponya pang'ono kuti wogweredwa tsoka asasenze yekha. Kungoti chopereka cha maliro sichingalipire mlandu wa munthu wovulala moyo wake wonse.

Tsono gulu lifunika chiyani? Choyamba ndi public liability. Imeneyi imalipira munthu wakunja akavulala kapena katundu wake akawonongeka chifukwa cha kusasamala kwa gulu. Lamulo silikakamiza kukhala nayo, koma eni maholo ambiri amafuna kuona satifiketi yake, ndipo mukafuna kuchita chochitika ku Platt Fields Park kapena ku Heaton Park, khonsolo ya mzinda uno idzakufunsani. Pogula, nenani zonse zimene mumachita: kuphika chakudya, mpira, gule, zoseweretsa ana zopopa mpweya zija. Chimene simunachinene, kampani ikhoza kukana kulipira. Kumbukiraninso kuti munthu wamkulu ali ndi zaka zitatu zoti akasume akavulala, pomwe kwa mwana zaka zitatuzo zimayamba kuwerengedwa akakwanitsa zaka 18. Mwana wogwa lero ali ndi zaka 8 akhoza kusuma mpaka atafika zaka 21. Choncho sungani mapepala a chaka chilichonse, musawataye komiti ikasintha.

Chachiwiri ndi employers' liability, ndipo iyi ndi yokakamiza. Lamulo la 1969 limati wolemba anthu ntchito akhale ndi inshuwalansi yosachepera mapaundi 5 miliyoni, ndipo wopanda akhoza kulipitsidwa chindapusa cha mapaundi 2,500 pa tsiku lililonse. Mwina mukuti gulu lanu lilibe wantchito. Nanga aphunzitsi aja amene amaphunzitsa ana Chichewa Loweruka lililonse, n'kumalandira kangachepe pakutha pa mwezi? Lamulo likhoza kuwaona ngati wantchito. Funsaninso ngati inshuwalansi yanu ikuteteza ongodzipereka, chifukwa ambiri a inu ndinu amenewo.

Chachitatu ndi galimoto. Mukamanyamula ana a gulu kupita ku mpira, kapena agogo kupita ku msonkhano, dziwitsani kampani ya inshuwalansi ya galimoto yanu kuti mumagwira ntchito yodzipereka. Ndi foni imodzi yokha, ndipo ndi bwino kuimba ngozi isanachitike.

Chachinayi ndi trustee indemnity, imene imateteza a mu komiti akalakwitsa mosadziwa poyendetsa bungwe. Lamulo la Charities Act 2011 limalola mabungwe othandiza anthu kuigula ndi ndalama za bungwe. Koma siteteza wakuba, ndiponso silipira chindapusa cha khoti.

Palinso njira yochotsera mtolo pa mapewa a munthu mmodzi. Kuyambira mu 2013, gulu likhoza kulembetsa ku Charity Commission ngati CIO. Likatero limakhala ngati munthu palokha: limasaina mapangano m'dzina lake, ndipo ngongole zake nthawi zambiri sizifika m'matumba mwa a komiti. Komabe CIO silowa m'malo mwa inshuwalansi, chifukwa wovulala uja amafunikabe kulipidwa. Kuno ku Manchester kuli bungwe la Macc limene limathandiza magulu ang'onoang'ono pa nkhani ngati zimenezi. Pitaniko. Paja safunsa anadya phula.

Ndikudziwa chimene chimakuvutani. Kwathu mwana safunsa akuluakulu mapepala, ndipo kutchula ngozi phwando lisanachitike ena amati n'kulodza. Koma funso lili ndi kafunsidwe kake. Mukhoza kunena kuti, "Amalume, ndisanasaine, kodi ndingaoneko satifiketi ya inshuwalansi ya gulu? A holo akuifuna." Palibe mwano pamenepo. Akati palibe, dziperekeni inuyo kufunsa mitengo kumakampani angapo, mubwere nayo ku msonkhano wa komiti, ndipo mtengowo ulowe m'bajeti ya phwando pamodzi ndi ufa ndi nkhuku.

Ndipo inu makolo, mwana akafunsa funso limeneli musamuyankhe kuti wasanduka mzungu. Akuteteza nyumba zanu ndi dzina lake lomwe. Timadandaula kuti achinyamata sabwera m'magulu athu. Ife tinataya mmodzi amene anabwera yekha ndi mtima wonse, ndipo sindifuna kuti gulu lina lidzatayenso wotere.

Sabata ino funsani wapampando wanu zinthu zitatu: gulu lathu linalembetsedwa motani, tili ndi inshuwalansi yanji, ndipo ikutha liti. Mukapeza mayankho, pamenepo sainani.