Mtsikana wa kwathu kuno, ndani akumutsekera njira ya udokotala?

 Mphindi zanga n'zochepa, ndiye ndingolunjika.

Tikafika kuchipatala n'kupeza mayi atavala zoyera, ambirife timati, "Anamwino, kodi adokotala afika?" Chonsecho mwina dokotalayo ndi yemweyo. Inenso ndinafunsapo choncho, ndipo manyazi ake ndikadali nawo.

Vutoli limayambira kusukulu. Wofuna udokotala amalize kalasi 12, apambane mayeso olowera kuyunivesite, kenako aphunzire zaka 6. Koma kuyambira mu 2003, lamulo la unduna wa maphunziro linkachotsa mtsikana woyembekezera m'kalasi ya masana n'kumutumiza ya usiku. Inu mukuudziwa mdima wa kuno. Ndani angalole mwana wapakati kuyenda yekha usiku? Ambiri anangosiya. Lamulolo linathetsedwa mu 2018, ndipo mu 2019 boma linaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Papepala zakonzeka, koma m'midzi mwathu ankhoswe ena akumangabe maukwati otere mwakachetechete.

Kale udokotala unkaphunzitsidwa ku Maputo kokha, pa Universidade Eduardo Mondlane. Makolo ankati, "Mwana wamkazi ku Maputo? Akatibweretsera mimba." Lero maphunzirowa aliko ku Beira, ku Nampula, ngakhale ku Tete konkuno pa UniZambeze. Za kutalika kwa ulendo tisanamizirenso.

Akamaliza, mavuto ena amayamba. Boma limamutumiza kuchipatala chakutali, ntchito ya usiku yosatha, bambo kunyumba nsanje. Akafuna kuwonjezera maphunziro kuti akhale katswiri, zakazo n'zomwezo zimene apongozi akuwerenga miyezi kudikira mdzukulu. Dokotala wamwamuna safunsidwa kuti ana wasiyira yani.

Komatu n'zotheka. Mayi Nazira Abdula, dokotala wa ana, anali nduna ya zaumoyo kuyambira 2015 mpaka 2020.

Amayi, inu mukudziwa kuti pali matenda amene timabisa chifukwa wotiyeza ndi mwamuna, timakaulula mochedwa zinthu zitavuta. Ndiye nkhaniyi ndi yathu. Pempho langa n'lakuti kalabu iliyonse iwerenge atsikana a m'mudzi mwake amene afika kalasi 10, ndi amene asiya, tidzabwere nazo pa msonkhano wa mwezi wamawa kuti zipite pa wailesi.