MGAIWA NDI NANDOLO: CHAKUDYA CHA TIZILOMBO TOTITETEZA

Amayi anzathu, ife a kuno ku minda ya tiyi ku Thyolo tazolowera kumva kuti tizilombo ndi adani. Komatu m'matumbo mwathu mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tambirimbiri, ndipo tina ndi abwenzi athu. Tikadya mgaiwa, nandolo, nthochi ndi nkhwani, tizilomboti timagaya zokhakhala zimene mimba yalephera, ndi kupanga chakudya cholimbitsa khungu la m'kati mwa thumbo lalikulu. Tikatimana, timachepa, ndipo toipa timachuluka. Apo khansa ya m'matumbo imapeza mpata.

Mu 1971 Dr. Denis Burkitt, amene anagwira ntchito ku Uganda, analemba kuti nthendayi inali yosowa pakati pa anthu odya zakumudzi. Mu 2015 akatswiri anafalitsa kafukufuku amene anasinthanitsa chakudya cha anthu akuda a ku Pittsburgh ndi cha anthu akumudzi ku KwaZulu-Natal. Patangotha milungu iwiri, matumbo a amene anayamba kudya zakumudzi anasonyeza kuti ngozi yachepa. A anzawo aja, yakula.

Tsono, amayi, mgaiwa si chizindikiro cha umphawi ayi. Tsiku la malipiro tisathamangire soseji ndi buledi woyera yekhayekha. Tisagulenso makapisozi pamsika popanda dokotala, pakuti amapha ndi tizilombo tabwino tomwe.

Tikaona magazi m'chimbudzi kapena kuwonda kosadziwika bwino, tisangoti ndi kamwazi. Tipite msanga ku chipatala cha Thyolo kapena ku Malamulo. Ndife ogwira mthiko. Tiyeni tiwuze mabanja athu zimenezi.