Sikelo Yoona: Mau Onenedwa pa Msonkhano wa Cigwirizano Cathu



Ambiri a inu muli ndi sitolo, cigayo, kapena munda wolemba anchito, ndipo mwandifunsa ngati munthu akhoza kuopa Mulungu ndi kupindula pa malonda pamodzi. Ndiyankha ndi mbiri ya banja la Cadbury, a mpingo wa Quaker m'dziko la England.

M'caka ca 1824 John Cadbury anatsegula sitolo m'mudzi wa Birmingham, nagulitsa tiyi, khofi ndi koko. Ana ace, Richard ndi George, analandira nchitoyo m'caka ca 1861 iri pafupi kugwa. Masiku amenewo opanga koko ankasanganizamo ufa. Koma m'caka ca 1866 abalewo anagula makina ku Holland ofinya mafuta m'koko, nayamba kugulitsa koko wopanda cosanganiza, ndipo pamenepo malonda ao anadzuka. Phunziro loyamba ndi ili: wogula amene simunamunyenge abweranso mawa, ndi mbale wace yemwe. Wothira mcenga mu mtedza, kapena wokhotetsa sikelo, adya lero lokha.

Caciwiri ndi ca anchito. M'caka ca 1879 anacotsa nyumba yao ya nchito m'utsi wa m'mudzi, naimanga kuthengo pamalo amene anawacha Bournville. Anchito ankaweruka masana tsiku Loweruka. George anamangitsa nyumba zokhala ndi madimba, ndipo m'caka ca 1900 anapereka mudzi wonsewo m'manja mwa akulu ousunga, kuti usakhalenso cuma cace kapena ca ana ace. Yemweyo ankalawira m'mamawa tsiku la Sabata kukaphunzitsa amuna akulu kuwerenga. Kwa iye wanchito anali munthu wolengedwa ndi Mulungu, si khasu lotaya likatha.

Koma ndikaleka apa ndikhala wonama, pakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. M'caka ca 1901 mbiri inawafika yakuti koko amene ankagula ku cisumbu ca São Tomé ankalimidwa ndi anthu ogwidwa ku Angola, osaloledwa kubwerera kwao. Anatuma Joseph Burtt kukaona, nadandaula kwa boma la Portugal, koma analeka kugula kokoyo m'caka ca 1909: zaka zisanu ndi zitatu! Nyuzi ya The Standard inawanena kuti ndi onyenga. Iwo anaisumira nawina mlandu, koma bwalo linawapatsa farthing imodzi yokha, ndilo gawo lacinai la kobiri. Wopembedza akacedwa kusiya phindu loipa, anthu amuweruza kolimba koposa wosapembedza.

Kapena wina adzati, Awo anali olemera, ife tiribe ndarama zomangira midzi. Zoona. Koma sikelo muli nayo, ndipo tsiku la malipiro mulidziwa. Cifukwa cace ndipempha zinthu zitatu tisanakomanenso: yense ayese sikelo yace pamaso pa mnzace, alipire wanchito tsiku lomwe anapangana naye, popanda kumnyoza pamaso pa ogula, ndipo afunse kumene acokera katundu amene agula motsika mtengo. Akapeza misozi ya munthu m'menemo, aleke msanga, asadikire zaka zisanu ndi zitatu.

Ndatha, a Wapampando.