Girini pepa wokhala ndi nyama m'mimba

Alimi ambiri a m'madimba amalima girini pepa koma pakhomo pawo samudya. Akakhwima amathyola n'kupita naye kumisika monga wa Lizulu ku Ntcheu, kumene ogula a m'tauni amadzapikula. Wotsala, wopindika uja, ndiye amamuduliramo pang'ono m'ndiwo kuti zinunkhire basi. Apa ndi pamene mayi mlangizi wa zakudya anayambira maphunziro awo pamsonkhano wa m'mudzi wina, mbaula ya makala ikuyaka kale pambali.

Atapereka ulemu kwa amfumu, ananyamula girini pepa mmodzi m'mwamba. "Amayi ndi abambo, ameneyu mumamuyesa wokometsera ndiwo chabe, koma taonani mphako ili mkatimu. Mukhoza kulowa chakudya cha munthu mmodzi. Lero timuphika ali ndi nyama m'mimba."

Anafotokoza kuti mbewuyi kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, ndipo inafika ku Ulaya pambuyo pa ulendo wa Columbus wa mu 1492. Ndi m'bale wake wa kambuzi, kungoti iye alibe capsaicin, kamene kamawawitsa tsabola, choncho ngakhale mwana amadya osalira. Pa vitamini C anakhazikikapo ndithu. M'magalamu 100 a wobiriwira muli mamiligalamu pafupifupi 80, wofiira amapitirira 120, pomwe lalanje lili cha m'ma 50. Wofiirayo si mtundu wina ayi, ndi wobiriwira yemweyo atapsera kumtengo. Katswiri wa ku Hungary, Albert Szent-Györgyi, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1937, ankapeza vitamini ameneyu wochuluka mu tsabola wa kwawoko wa paprika. Ntchito ina ya vitaminiyu ndi kuthandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, amene amayi oyembekezera amamufuna kwambiri kuti magazi asachepe.

Kaphikidweka si kachilendo padziko. Ku Turkey amati dolma, ku Egypt mahshi, ku Hungary amaphika ndi nyama ya nkhumba ndi mpunga mumsuzi wa matimati.

Patebulo panali girini pepa 6, theka la kilogalamu ya nyama ya ng'ombe yogaya, makapu awiri a mpunga wa Kilombero wophika kale, anyezi, matimati, adyo, mchere ndi mafuta. Mlangizi anasankha girini pepa wa pansi potambalala, woti akhoza kuima yekha. Anadula kumutu mozungulira n'kusunga kachivundikiro kake, kenako ndi supuni anakolopola njere ndi timinofu toyera ta mkati. Mayi wina anakazinga anyezi ndi adyo, n'kuthiramo nyama, akuvundula kuti isagwirane mabuluma. Itasintha mtundu anathira matimati, ndipo madzi atauma anasakaniza ndi mpunga uja. Pothira m'mphakomo mlangizi anawagwira dzanja: osatsindira kwambiri, chifukwa girini pepa akafewa amang'ambika.

Uvuni sanaufune. Pansi pa mphika anathira msuzi wa matimati ndi madzi pang'ono, n'kuimika girini pepa yense mothinana kuti asagwe. Anavundikira, n'kuika makala ochepa pachivundikiro monga muja amayi amachitira ndi chigumu. Moto wa pansi unali wofatsa, ndipo mphika unakhalapo mphindi pafupifupi 35.

Podikira, nkhani inabwerera ku nyama, ndipo apa mlangizi sanaseke. Nyama ya nthuli imakhala ndi tizilombo makamaka pamwamba, ndipo moto umatipha msanga. Ikagayidwa, tizilombo monga E. coli, toyambitsa kutsekula m'mimba, timalowerera paliponse. N'chifukwa chake nyama yogaya imayenera kupsa mpaka madigiri 71 pakati penipeni. Kumudzi kulibe choyezera, ndiye anati aziyamba aikazinga payokha mpaka ipse yonse asanaiike mu girini pepa. Aigule tsiku lophika lomwelo, ndipo mpeni ndi thabwa zodulira nyama yaiwisi azitsuke ndi sopo asanadulirepo matimati. Kumene wogulitsa alibe makina ogayira, nyama yopanda mafupa ikhoza kudulidwa tizidutswa ting'onoting'ono kapena kusinjidwa mumtondo wotsuka bwino.

Bambo wina wachikulire anakweza mkono. "Zikomo alangizi. Nyama ya ng'ombe masiku ano ndi ya anthu a ndalama. Nanga nsima ili pati pamenepa?" Anthu anaseka, koma funsolo linali loona.

Mlangizi anayankha ndi funso lawo: theka la kilogalamu likaphikidwa monga mwa masiku onse, nthuli zikuluzikulu zimapita m'mbale ya yani? Amayi anayang'anizana. Aliyense amadziwa kuti ana kawirikawiri amathera msuzi ndi fupa. Nyama ikagayidwa n'kusakanizidwa ndi mpunga, palibe angasankhe nthuli, ndipo mwana amalandira gawo lofanana ndi la bambo wake. Mfundoyi ndi yolemera m'dziko limene kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Nyama ikasowa, anati, alowetsepo soya pisi, nyemba zophika kapena usipa wosinja. Nsimanso palibe wailetsa: achepetse mpunga, achulutse msuzi, girini pepayo akhale ndiwo.

Kenako anawerenga nawo magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Mpunga ndi chokhutitsa, nyama ilipo, masamba alipo, mafuta alipo. Kuthira nsinjiro mumsuzi ndiye kuti gulu la nyemba lalowa, ndipo nthochi kapena papaya pambuyo pake zimakwaniritsa gulu la zipatso.

Atavundukula mphika, girini pepa anali atafewa, khungu litakwinyika pang'ono koma ali chiimire. Anamudula panayi panayi kuti aliyense alawe, kuyambira amfumu. Bambo wa funso uja anapempha mchere wina. Amayi a gulu la dimba anagwirizana kuti pamsonkhano wotsatira adzabweretsa girini pepa wa m'dimba mwawo ndi usipa, adzaone ngati fungo la nsomba lingagwirizane naye.