CIPINDA COYAMBA M'KOMBONI

(Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja)

Nkhani ya lero ndi ya mnyamata amene walandira kiyi ya cipinda cimodzi m'komboni ya Kanyama, kapena ya Chawama, kapena ya George. Mnyamata wotere amapezeka mwezi uli wonse mu Lusaka. Anacokera ku Katete kapena ku Petauke, nakhala zaka ziwiri kwa amalume ace ku Matero, akugona m'cipinda cocezera ndi kudzuka ena onse asanadzuke kuti apinde mphasa. Tsopano wapeza nchito ya ulonda, kapena yonyamula katundu ku Soweto Market, ndipo malipiro ace oyamba wapereka kwa mwini nyumba. Madzulo a tsiku loyamba atseka citseko, nakhala pa matiresi, ndipo ayamba kuzindikira kuti lero palibe womuitana kuti adzadye.

Kumudzi zinthu sizicitika cotero. Mnyamata akasinkhuka amacoka m'nyumba ya makolo kukagona ku mphala, imene ena amati gowelo, pamodzi ndi anzace. Koma kucoka kumeneko ndi kwa usiku wokha. Nsima amadyabe ya amai ace, madzi amatunga ndi alongo ace, ndipo nkhuni sazigula. Nyumba yace-yace adzamanga pokwatira, ndipo pa cikamwini ca Acewa amakaimanga kwao kwa mkazi, pamaso pa apongozi. Motero munthu amakula pang'ono-pang'ono, monga mwana wophunzira kuyenda atagwira khoma. M'tauni zonse zimafika tsiku limodzi: lendi, njala, madzi ogula, makala ogula, ndi usiku wautali.

Akulu amene anagwira nchito ku migodi, ku Nkana, ku Roan Antelope kapena ku Broken Hill, akumbukira kuti cipinda coyamba ca masiku ao cinali ca kampani. Munthu ankalowamo cifukwa ca nchito, nalandira phoso, ndipo nchito ikatha nyumba nayonso yatha. Ku Lusaka, umene unakhala mzinda waukulu wa dziko mu 1935 m'malo mwa Livingstone, kunali cimodzimodzi. Boma la atsamunda linkayesa munthu wakuda mlendo m'tauni, wodzagwira nchito ndi citupa cace m'thumba ndi kubwerera kwao akatopa. Ku Kabwata kunamangidwa tinyumba tozungulira taudzu togonamo amuna opanda mabanja. Tina mwa ito tinasungidwa mu 1974, ndipo malowo ndiwo Kabwata Cultural Village, kumene amisiri amagulitsa zosema. Lamulo la mu 1948 ndilo linakakamiza olemba nchito ndi makhonsolo kuti apezere anchito nyumba zoyenera mabanja, ndipo Matero anamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950.

Koma nyumbazo zinali zocepa, ndiponso sizinali za yense. Wogwira nchito ya maganyu, wosoka zobvala, wophika mowa, kapena wocotsedwa nchito, analibe gawo. Anthu otere ankapita kwa Azungu okhala ndi minda m'mbali mwa tauni, nalipira kangacepe mwezi ndi mwezi kuti amange pa nthaka yao. Ndico cifukwa cace makomboni ambiri ali ndi maina a anthu: George, John Howard, John Laing, Marrapodi. Chawama nayenso poyamba ankachedwa komboni ya Roberts. Kumeneko munthu ankaumba yekha njerwa zadothi, nafolera ndi udzu kapena ndi migolo yophwanya, ndipo cipinda cace coyamba cinali ca manja ace. Ufulu utafika pa 24 October 1964, citupa cinatha mphamvu ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka. Mu 1967 Boma linatsegula Mtendere, kumene anthu, ambiri a iwo ocokera ku Kalingalinga, anapatsidwa mapuloti kuti amange okha. Mu 1974 kunabwera lamulo lobvomereza makomboni, lopatsa eni nyumba cikalata cokhalira pamalo zaka 30, ndipo ndi ngongole ya World Bank miseu ndi mipopi zinalowa mu George ndi Chawama.

Mdzukulu wa lero sapeza ciri conse mwa izi. Nyumba za khonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo kuyambira mu 1996, m'nthawi ya President Frederick Chiluba, ndipo za ku migodi zinatsata pambuyo pace. Malo opanda mwini pafupi ndi tauni anatha kale. Amene anamanga m'zaka zija ndiwo eni nyumba a lero, ndipo pabwalo pamene panali cimanga ndi cibwabwa anamangapo midadada, ndiyo mizere ya zipinda zogundizana, ciri conse ndi citseko cace, zonse pansi pa malata amodzi. Lendi ya zipindazo ndiyo penshoni ya nkhalamba zambiri, makamaka amai amasiye. Mai wophunzira wina, Karen Tranberg Hansen, amene anayamba kufufuza za moyo wa ku Mtendere mu 1971, analemba pambuyo pace kuti anyamata ambiri amafika msinkhu wa ndebvu akali pakhomo pa makolo, cifukwa alibe nchito yokwanira kulipira cipinda, ndipo anthu sawawerengera monga akulu. Tsono amene walandira kiyi wapeza cinthu cimene anzace ambiri akucilakalaka, ndipo kucitaya ndi kosabvuta.

Colakwa coyamba cimacitika asanalowe n'komwe. Cipinda cimene cioneka bwino mu September cingasanduke dziwe mu February. Kanyama ali pa cidikha, pamwamba pa thanthwe la laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikacuruka madziwo alibe kopita, monga kunacitika mu 1978 pamene nyumba zambiri zadothi zinagwa. Munthu wocenjera, asanafunse mtengo, amayang'ana m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wakuda wa madzi a caka catha, naona ngati khomo linakwezedwa ndi njerwa. Amapitanso kuseri kukaona cimbudzi, nawerenga zitseko za mdadada kuti adziwe mabanja angati amalowa m'menemo, ndi kuona pamene pali citsime. Pathanthwe dzenje silikumbika mozama, cotero zonyansa za m'cimbudzi zimasakanizika msanga ndi madzi a zitsime zosaya. Kolera imene inabuka mu October 2017 inakantha Kanyama koposa, kufikira Boma linaletsa anthu a kumeneko kuyenda usiku mu January 2018, ndipo mu January 2024 odwala anacuruka kotero kuti anagonekedwa m'bwalo la mpira la National Heroes Stadium. Cigubu ca malita 20 ca pa mpopi wolipira cimaoneka codula kwa munthu amene kwa amalume ankangomwa osafunsa, koma madzi aulele a pacitsime asanaphitsidwe kapena kuthiridwa klorini apha anthu ambiri.

Katundu wa cipinda coyamba sacedwa kuwerenga. Matiresi, bulangeti la pa salaula, mbaula, mapoto awiri, mthiko, mbale, cigubu, beseni, ndi cingwe copacikapo zobvala. Nsalu imodzi yopacika pakati imagawa cipindaco pawiri, kuti mlendo akalowa asaone pogona. Anyamata ambiri amayamba ndi wailesi yaikulu ndi foni yodula, mthiko nkuuiwala, ndipo sabata yoyamba amatha ndalama pa nsima ya pamsika. Kuphika nako kuli ndi manyazi ace. Mbaula imayatsidwa panja, pamaso pa amai onse a pabwalo, ndipo nsima yoyamba ya mbeta yamwamuna imaturuka ya mibulu kapena yosapsya. Amaiwo amaseka ndithu, koma kawiri-kawiri mmodzi wa iwo amadzuka nati, "Bweretsa kuno mthikowo, mwanawe," ndipo ubwenzi woyamba wa pamalopo umayambira pomwepo.

Nkhondo yeniyeni iri pa kutha kwa mwezi. Ndalama za m'tauni ziri ndi mapiko, ndipo amene akhalitsa m'komboni amazigawa tsiku lomwelo zisanagone m'thumba: lendi poyamba, kenaka thumba la ufa, umene a ku Lusaka amati unga, kenaka makala, amene amati malasha, mafuta, mcere, sopo ndi kapenta wouma. Wosacita cotero amagwa m'dzanja la pamela, timapaketi tating'ono ta ufa wa tsiku limodzi togulitsidwa pa kantemba. Pamela imapulumutsa pa tsiku la njala, koma woigula mwezi wonse amalipira koposa amene anagula thumba lathunthu, cotero wosauka ndiye amagula ufa modula. Pofika pa 20 mwezi m'thumba mwauma, ndipo apo ndi pamene wa kaloba amaonekera ndi nkhope yacifundo. Amakongoza msanga, osafunsa zambiri, koma amatenga foni kapena wailesi ngati cikole, ndipo cobweza cimaposa kwambiri cobwereka. Wolowa m'kaloba mwezi umodzi amayamba mwezi wotsatira ali kale ndi dzenje, ndipo lendi ikalephereka kawiri amapeza loko wacilendo pa citseko cace, katundu ali m'kati. Njira imene amai a m'misika anaidziwa kale ndiyo cilimba: anthu asanu kapena khumi okhulupirirana amasonkha mwezi uli wonse, napatsa mmodzi mosinthana. Mabedi ndi mipando yambiri ya m'midadada inagulidwa motero. Koma cilimba cimafuna kuti munthu adziwike khalidwe lace, ndipo wodzitsekera m'cipinda saitanidwa.

Pali ngozi ina imene iyenera kunenedwa momveka, pakuti imapha anthu okhala okha. Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo usiku wa June ndi July umazizira kwambiri. Munthu wa bulangeti limodzi amalowetsa mbaula m'cipinda, natseka citseko ndi zenera, nagona. Makala oyaka m'malo otsekeka amaturutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene umalowa m'magazi ndi kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu ndi kufooka, tulo timamulemera, ndipo sadzukanso. M'nyumba ya banja wina angadzuke ndi kutsegula citseko, koma m'cipinda ca mbeta mulibe wina. Mbaula iyenera kugona panja, ngakhale makala aoneke ngati azima. Kukhala ndi magetsi sikucotsa mbaula pakhomo, monga anthu anaonera mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi ankazima mbali yaikulu ya tsiku.

Mnyamata uja anacoka kwa amalume kuti asamalamulidwe, koma apeza kuti pabwalo pali malamulo oposa a ku Matero. Pali tsiku lace losesa, ndi tsiku lace lotsuka cimbudzi. Mita ya magetsi ndi imodzi ya mdadada wonse, ndipo mayunitsi akatha msanga maso onse amayang'ana kwa amene wagula nsimbi kapena citofu. Khoma lapakati nthawi zina silifika ku malata, cotero kutsokomola kwa mnansi, mkangano wa banja lace, ndi fungo la nyama yace pa tsiku limene iye akudya repu wopanda mafuta, zonse zimadutsa. Zace nazonso zimadutsa. Mwini nyumba, amene amakhala pa citseko coyamba, amadziwa nthawi imene walowa ndi amene walowa naye. Zimenezi zimawawa m'miyezi yoyamba. Koma anthu omwewo ndiwo amaanula zobvala zace mvula ikagwa iye ali ku nchito, ndiwo amafunsa mlendo wosadziwika amene waima pa citseko cace masana, ndipo malungo akamugwetsa ndiwo amazindikira kuti loko sanatsekedwe kunja koma munthu sanaturuke. Moni wa m'mawa, "Mwauka bwanji, amai?", ndi kupita ku maliro a pafupi, ndiyo msonkho umene sulembedwa m'buku la lendi.

Kwa mtsikana katunduyu ndi wolemera koposa. M'masiku a atsamunda mkazi wosakwatiwa ankatha kugwidwa m'tauni za ku migodi ndi kubwezedwa kumudzi. Lamulo limenelo linapita, ndipo lero namwino, wosoka, kapena wogulitsa m'sitolo amalipira cipinda cace ndi ndalama zace. Koma malilime sanapite. Eni nyumba ena amamufunsa za mwamuna asanamufunse za nchito, ndipo cimbudzi capanja usiku ndi cinthu cimene iye amaciganizira mwa njira imene mnyamata saiganizira. Ambiri amayamba awiri-awiri, kugawana lendi ndi mnzao wa kuchalichi kapena wa kusukulu.

Miyezi itatu kapena inai ikapita, mnyamata uja amabwerera ku Matero tsiku la Sabata atanyamula paketi ya shuga. Akazi a amalume ace, amene kale ankamutuma madzi, amamupatsa mpando, namufunsa za umoyo monga afunsira mlendo, ndipo amalume amayamba kukamba naye za milandu ya kumudzi. Pamenepo mbiri imakhala itafika kale ku Katete yakuti mwana wa uje ali ndi nyumba ku Lusaka. Cipinda cimene iye aciona cocepa, kumudzi cimamveka ngati nyumba ya zipinda zinai. Tsiku lina foni imalira: mphwace wamaliza sukulu, wakwera basi ya m'mawa, ndipo afika pa Intercity dzuwa likulowa. Kukana sangathe, pakuti iyenso anagona pa mphasa ya wina zaka ziwiri. Tsono amapita kukamulandira, namunyamulira cikwama kupyola m'matope a Kanyama, namuonetsa kwa mwini nyumba, namuuza tsiku la kusesa ndi mtengo wa cigubu ca madzi. Usiku amakankhira mapoto ku ngodya, nayala mphasa kutsidya kwa nsalu ija.