MLONDA WA M'MWAZI

Ulaliki wa pa Sabata ku Mbayani, Blantyre. Mau owerengedwa: Ezekieli 33:1-9.

Mwamva mau amene tawerenga. Ezekieli anali pakati pa andende ku Babulo, ndipo Mulungu anafanizira nchito yache ndi ya munthu woikidwa pa linga kupenya adani. Mlandu wa pamenepo uli pawiri. Mlonda akapenya nkhondo irikudza nakhala chete, imfa ya anthu ifunsidwa kwa iye. Koma akaomba lipenga, ndipo wina amva, natembenuka pamphasa, nagonanso, munthuyo wadzipha yekha. Lero ndinena za mlonda amene Mlengi anamuika m'mwazi wa munthu ali yense, ndi za mdani amene mlondayo atichenjeza naye, ndiye nthenda ya mitsempha ya mtima.

Poyamba timdziwe mdaniyo. Mtima ugunda monga ka 100,000 pa tsiku limodzi, wosapuma usana ndi usiku. Iwo umene utumiza mwazi m'thupi lonse usowanso chakudya chache, ndipo udyetsedwa ndi mitsempha iwiri ndi nthambi zache, yoyanga pamwamba pache, yopapatiza ngati phesi la udzu. Mafuta a m'mwazi, ochedwa kolesterolo, alowa m'khoma la mitsempha iyi, naunjikana m'menemo zaka zambiri, mwini wache wosamva kanthu. Inu a kuno ku Mbayani mudziwa umo ngalande idzala ndi zinyalala kufikira madzi a dzinja asowa njira. Koma ngalande ndi chinthu chakufa, mtsempha ndi wamoyo. Ukalowedwa ndi mafuta utukusira monga bala. M'chaka cha 1999 dotolo Russell Ross wa ku Seattle analemba momveka kuti nthenda iyi ndiyo kutukusira kwa mitsempha. Pamalo potukusirapo pakhala ngati chithupsa. Tsiku lina chiphulika, mwazi uundana pomwepo, njira itsekeka, ndipo nyama ya mtima iyamba kufa ndi njala.

Musanene kuti iyi ndi nthenda ya azungu ndi ya eni chuma. Bungwe la WHO linawerenga kuti m'chaka cha 2019 anthu 17.9 miliyoni pa dziko lonse anafa ndi nthenda za mtima ndi za mitsempha ya mwazi, ndipo ochuruka a iwo anali a maiko osauka ndi a chuma chapakati. M'Malawi muno kalembera wa 2009 anapeza kuti mwa akulu a zaka 25 kufikira 64, mmodzi mwa atatu anali nako kuthamanga kwa mwazi, ndipo ambiri a iwo sanadziwa.

Chachiwiri, tipenye mlonda. M'thupi muli tinthu tosaoneka ndi maso timene madotolo atitcha enzyme. Amai mudzamvetsa msanga: muthira chimera pang'ono m'phala, ndipo phala lonse lisanduka thobwa lotsekemera. Chimene chigwira nchito m'chimeramo ndicho enzyme, kanthu kakang'ono kosandutsa zazikuru. Asilikari a m'mwazi wathu ali nayo enzyme yao, dzina lache myeloperoxidase, ndiyo ibiriwitsa mafinya ndi makhololo. Nayo apanga mankhwala a mtundu wa klorini amene tinathira m'madzi m'masiku a kolera a 2022 ndi 2023, kuti aphe tizirombo. Imeneyi ndi mphatso yabwino. Koma asilikari akakhalitsa m'khoma la mtsempha, mankhwala omwewo aononga mafuta ali momwemo, nafoketsa khomalo, monga moto wophikira ukalumpha m'mbaula utentha nyumba.

Tsono enzyme iyi ikachuruka m'mwazi, ndilo lipenga. M'chaka cha 2001 madotolo a ku Cleveland ku America anapeza kuti ichuruka mwa anthu a mitsempha ya mtima yodwala. M'chaka cha 2003 anayesa anthu 604 amene anafika kuchipatala ndi kuwawa kwa pachifuwa, naona kuti iwo a enzyme yambiri ndiwo anagwa m'tsoka la mtima kawirikawiri m'miyezi yotsatira. Ku Scotland, dziko limene linatumiza oyambitsa Mishoni ya Blantyre m'1876, anapeza m'chaka cha 2000 kuti enzyme yina, Lp-PLA2, yoyenda pamodzi ndi kolesterolo, iyonso inalosera tsoka lomweli. Palinso CRP, imene siiri enzyme koma ituruka m'chiwindi thupi likatukusira. M'1997 ku Boston kunaoneka kuti amuna ooneka amoyo amene CRP yao inali pamwamba anagwidwa ndi mtima monga katatu koposa iwo amene inali pansi.

Mverani tsono chimene chinatsata, pakuti chiphunzitso chathu chagona pamenepo. Anthu anati, Tiyeni tipange mankhwala otontholetsa Lp-PLA2. Anawapanga, nawayesa pa odwala oposa 15,000. Koma m'chaka cha 2014 anaulula kuti chiyembekezo chao sichinakwaniridwa. Mankhwalawo anatseka pakamwa pa enzyme, tsoka la mtima losachepa monga anafuna. Koma m'2017, atayesa pa anthu oposa 10,000 mankhwala ena ozima kutukusira kwenikweni, tsokalo linachepa ndi magawo 15 pa 100, kungakhale mankhwalawo anafoketsanso thupi pa kulimbana ndi tizirombo. Taonani, kuthyola lipenga sikubweza nkhondo. Momwemonso achita munthu wotontholetsa chikumbu mtima chache ndi kachasu, tchimo liri chikhalire m'kati.

Chachitatu, nanga ife tichitenji? Kuyesa kwa enzyme izi nkwa mtengo wapatali, ndipo simudzakupeza pa chipatala chaching'ono cha ku Chilomoni kapena ku Ndirande. CRP yomwe ikwera ndi malungo ndi chifuwa chachikuru, chotero kwathu kuno siinganene za mtima pa yokha. Koma tisadandaule, pakuti mlondayo watiuza kale zimene zikoleza moto, ndipo zambiri za izo ziri m'manja mwathu.

Fodya akoleza moto, wa m'sitolo ndi chingambwe chomwe, lekani. Utsi wa makala ndi nkhuni m'nyumba yotseka ukoleza moto. Phikirani pabwalo kapena tsegulani zenera. Kuthamanga kwa mwazi kupweteka khoma la mtsempha tsiku ndi tsiku mwakachetechete. Kayezetseni, kulibe malipiro pa chipatala cha boma, ndipo akakupatsani mankhwala musaleke pomva bwino. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, ndiko kasupuni kakang'ono kamodzi. Nthenda ya shuga ndi kunenepa kwa mimba zikoleza moto. Chepetsani zotsekemera ndi za pachiwaya, churukitsani nyemba, nsinjiro, bonongwe ndi nkhwani, ndipo yendani pansi pamene mukhoza.

Ndinenenso ndi inu abale amene muli ndi kachirombo ka HIV, ndipo ndinena mwa chikondi, pakuti ndinu ziwalo za thupi limodzi ndi ife. Kachirombo kosagwidwa ndi mankhwala kasunga asilikari a m'mwazi pankhondo kosalekeza. Ofufuza pa chipatala cha Gulupu mu Blantyre muno anaonetsa m'2016 kuti kuthamanga kwa mwazi ndi HIV ndizo zazikuru zodzetsa kufa ziwalo pakati pathu. Ndipo m'2019 anaonetsa kuti mitsempha ya odwala HIV kwambiri iuma, koma iyambanso kufewa akamwa ma ARV. Chifukwa chache munthu asakunyengeni kuti kutaya mankhwala ndiko chikhulupiriro. Mulungu amene anapatsa dotolo nzeru sachita nsanje ndi mphatso yache.

Ndipo lipenga lomariza likalira, mulidziwe: chifuwa chilemera ngati mwatsamiridwa ndi thumba la chimanga, kuwawa kutsikira ku dzanja lamanzere kapena kukwera ku nsagwada, thukuta lozizira lituruka, mpweya uchepa. Kwa amai ndi odwala shuga nthawi zina kudza kufoka ndi mseru wokha. Pamenepo musadikire kucha. Pempherani muli m'njira ya ku Gulupu.

Pali chinanso chondilemera. Munthu akagwa mwadzidzidzi pamsika kapena panchito, pamaliro pamveka manong'onong'o akuti, Wamlodza ndani? Ndipo maso atembenukira kwa nkhalamba yosauka, kapena kwa mkazi wamasiye amene misozi yache siinaume. Akristu, imfa imene tiitcha yadzidzidzi inayamba kumangidwa m'mitsempha zaka makumi awiri kapena atatu zapitazo. Wakunamizira mnzache ufiti pa imfa yotere aonjeza tchimo pa chisoni. Akulu a mpingo ndi amai a Mvano, inunso ndinu alonda. Imani pakati pa wosalakwa ndi khamu, ndipo poyendera odwala m'miraga yanu funsani ngati anayezetsa.

Ine ndaomba lipenga monga ndinalamulidwa. Chotsala chiri kwa inu. Thupi ili tinabwerekedwa, ndipo tidzaliwerengera kwa Mwini wache. Koma kumbukirani kuti ulipo mtima winanso umene dotolo sangauyese. Kaduka, mkwiyo wosungidwa, ndi kusakhululuka ziunjikanamo pang'ono pang'ono monga mafuta m'mtsempha, kufikira chikondi chisowa njira. Mzimu Woyera ndiye mlonda wa mtima umenewo, ndipo Yesu Kristu ndiye Sing'anga wache. Mukamva kuitana kwache lero, ukani pamphasa.

Mulungu wa mtendere asunge matupi anu ndi mizimu yanu, kufikira tsiku la kudza kwa Ambuye wathu. Amen.